Andikweza pa bekale, abwana akuti ndikhale mtsogoleri osati manijala: ndiyambire pati?

Wowerenga wina wa ku Blantyre walemba motere: "Ndaphika buledi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mwezi wathawu andikweza kuti ndiziyang'anira anthu 16 pa bekale pathu. Eni ake akuti akufuna ndikhale mtsogoleri, osati manijala chabe. Kusiyana kwake n'kotani, nanga ndiyambire pati? Mwa amene ndikuwayang'anirawo muli bambo wachikulire amene anandiphunzitsa ntchitoyi, ndiponso anzanga amene tinkadyera mbale imodzi. Ena ayamba kale kundiyang'ana ndi diso la nkhwezule."

Achimwene, mawu a abwana anuwo ali ndi nzeru, koma mukawameza osatafuna akutsamwani. Amamveka ngati umanijala ndi kantchito ka mapepala, utsogoleri ndiye mpando wapamwamba. Pa malo a anthu 16 palibe mipando iwiri. Pali inu nokha, ndipo ntchito ziwirizi muzizigwira ndi pakamwa pomwepo, mwina pa ola lomwelo.

Umanijala ndi kuonetsetsa kuti zimene zinayenda bwino dzulo ziyendenso lero: ufa ulipo, aliyense akudziwa shifiti yake, buledi watuluka mu uvuni 4 koloko m'mawa, galimoto lanyamuka kusanache. Utsogoleri umafunika pamene njira ya dzulo yakanika, kapena pamene mukufuna kwa munthu chinthu chimene simungamukakamize. Mutha kulamula munthu kuti afike 10 koloko usiku, akachedwa n'kumulembera kalata. Koma palibe kalata imene ingamuchititse kubwera yekha kudzakuuzani kuti ndiye waiwala kuthira mchere.

Kulekanitsa zinthu ziwirizi si kwakale. Henri Fayol, injiniya wa ku France amene ankayendetsa kampani ya migodi, analemba mu 1916 kuti ntchito ya woyendetsa kampani ili pasanu: kukonzeratu za kutsogolo, kuika anthu ndi zipangizo m'malo mwake, kulamula, kulumikiza zigawo, ndi kuunika ngati zonse zikuyenda monga anakonzera. Kwa iye kutsogolera anthu kunali momwemo. Mmodzi mwa amene anazilekanitsa momveka ndi John Kotter wa pa yunivesite ya Harvard ku America, mu 1990. Iye anati umanijala umalimbana ndi kuchulukana kwa zochita, pomwe utsogoleri umalimbana ndi kusintha kwa zinthu, ndipo anadandaula kuti makampani ambiri a ku America anali ndi umanijala wambiri koma utsogoleri wochepa. Mawu ngati a abwana anuwo gwero lake ndi kumeneko. Koma taonani, Kotter ankanena za makampani akuluakulu, okhala ndi malamulo olembedwa a chilichonse, ndipo sananene kuti musiye chimodzi. Pa mabizinesi ang'onoang'ono ambiri matenda amakhala otembenuza: mawu olimbikitsana ali mbwee, koma palibe amene walemba kuti Lamlungu likubwerali abwera ndani. Henry Mintzberg wa ku Canada anakhala sabata yathunthu ndi aliyense mwa akuluakulu asanu a mabungwe, akungoonerera zimene amachita, ndipo zimene anatulutsa mu 1973 zinaonetsa kuti theka la zochita zawo silinkafika mphindi 9. Tsiku la bwana ndi la zidutswazidutswa. Palibe ola loti tsopano ndikutsogolera, ola lina ndikuyendetsa.

Ndiye yambani ndi umanijala, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Antchito sakhulupirira bwana chifukwa cha zolankhula zake. Amamukhulupirira chifukwa ovataimu yawo inalembedwa yonse, shifiti ya usiku sinakakamire anthu omweomwewo, magolovesi otulutsira zitini anabwera monga analonjezera. Tizinthu totopetsati ndi tomwe timadzaza nkhokwe. Tsiku limene magetsi adzazime ufa uli kale m'zitini, jenereta n'kukana kulira, inu n'kupempha anthu kuti adikire mpaka mbandakucha, mudzakhala mukutapa m'nkhokwe imeneyo. Ikadzakhala yopanda kanthu adzavala nsapato muli chilankhulire.

Gulani kabuku ka chikuto cholimba, ndipo tsiku lililonse muzilembamo manambala atatu: matumba a ufa amene atsegulidwa, malofu amene atuluka abwinobwino, ndi malofu amene awonongeka kapena abwerera. Tiyerekeze kuti thumba la makilogalamu 50, mukathira madzi, mchere, shuga, mafuta ndi isiti, limakupatsani makilogalamu 84 a ufa wokanda, ndipo lofu iliyonse mumaidula pa magalamu 800. Thumbalo liyenera kutulutsa malofu 105. Wodula akamapitiriza ndi magalamu 20 okha, chinthu chimene diso silingaone, thumba lomwelo litulutsa 102. Pa matumba 20 mwataya malofu oposa 50 usiku umodzi, popanda amene waba ngakhale kachidutswa. Manambala a bekale yanu akhala osiyana ndi awa, koma apezeni sabata yoyamba yomwe, mutaima pa sikelo nokha.

Phindu la kabukuka si pa ndalama pokha. Pamene palibe manambala, buledi akaperewera mawu oyamba kutuluka ndi akuti pali akuba, ndipo palibe chimene chimaphwasula gulu msanga ngati kutchulidwa wakuba usanabe. Woyang'anira amene ali ndi manambala amayamba wafunsa sikelo ngati ikuyeza bwino, madzi ngati anayezedwa kapena anangothiridwa ndi ndowa, ndi ufa umene ukutsalira m'matumba kapena kusesedwa pansi. Mu Okutobala amafunsanso za kutentha. Ufa wokanda umayenera kutuluka m'makina uli pa madigiri 26 mpaka 28, ndipo madzi a m'thanki imene yakhala padzuwa amaupitiriza pamenepo, n'kufufuma msanga, n'kugwa mu uvuni. Mankhwala ake ndi madzi ozizira, osati kukalipa. Mukatsekereza makomo onsewa buledi n'kumaperewerabe, pamenepo ndiye mufufuze za manja aatali, ndipo anthu adzadziwa kuti simunayambire pa iwo.

Chachiwiri ndi ndandanda ya mashifiti. Ilembeni ya masabata awiri, ipachikeni pakhoma masiku atatu isanayambe, ndipo usiku, Lamlungu ndi maholide zizizungulira aliyense. Amene akufuna kusinthana azisinthana okha, koma azibwera onse awiri kudzalembetsa. Pamodzi ndi ndandandayo ikani poyera malamulo a zinthu ziwiri zimene zimadanitsa anthu pa ntchito kuno kwathu: maliro ndi adivansi. Gwirizanani ndi eni ake kuti munthu akaferedwa kholo, mwana kapena mnzake wa m'banja amapatsidwa masiku angati, nanga wachibale wa patali angati, ndiponso kuti adivansi imaperekedwa tsiku liti ndi gawo lanji la malipiro. Zikakhala zosalembedwa, pempho lililonse limasanduka chifundo chanu, ndipo amene mwamukana sadzaiwala kuti uje munamulola.

Malamulo a dziko muwadziwenso, chifukwa kuyambira pano cholakwa cha kampani chizidutsa m'manja mwanu. Lamulo la za ntchito la m'Malawi la chaka cha 2000 limati maola ogwira ntchito, osawerengera ovataimu, asapitirire 48 pa sabata, ndipo munthu asagwire masiku oposa asanu ndi limodzi otsatizana osapuma maola 24. Ovataimu ya tsiku wamba imalipidwa ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, ya tsiku lopuma kapena holide ya boma kawiri. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 a ntchito kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, 15 kwa wogwira asanu. Ndipo gawo 57 limati munthu sachotsedwa popanda chifukwa chomveka, komanso ngati chifukwacho ndi khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito, ayenera kupatsidwa mpata wodziteteza kaye. Mawu akuti "mawa usabwere" olankhulidwa pakati pa usiku mtima uli m'mwamba amathera ku ofesi ya leba, mwinanso ku khothi loona za ntchito, ndipo kumeneko wolemba ntchito ndiye amafunsidwa kuti apereke chifukwa. Mukapsa mtima, muuzeni munthuyo kuti mukambirana mawa masana, n'kulemba zimene zachitika, nthawi yake ndi amene anaona.

Pa kusinthana kwa shifiti khalani ndi kamsonkhano ka mphindi khumi, mutaimirira. Mafunso ake ndi omwewo tsiku ndi tsiku: dzulo tinatulutsa angati, chavuta n'chiyani, lero tikuphika angati. Pa miyezi itatu yoyambirira muzifikanso pa shifiti ya usiku kawiri pa sabata, ngakhale simuli pa ndandanda. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Zimene zimachitika 2 koloko usiku sizifika mu ofesi m'mawa zili chimodzimodzi.

Tsopano za bambo aja, pakuti mpamene utsogoleri wanu uyesedwe koyamba, ndipo anthu 15 enawo akuonerera. Pitani kwa iwo nokha, pasakhale wina, ndipo musadikire kuti pachitike vuto. Mawu ake asachuluke: "Bambo, ntchito ino munandiphunzitsa ndinu, ndipo sindinaiwale. Andipatsa udindo uwu, koma uvuni uwu mumaudziwa kuposa ine. Ndikupempha kuti muzindiuza ndikamalakwitsa, koma muzindiuza tili awiri, nanenso ndizitero." Kenako muwapatse gawo lenileni lotchulidwa pagulu. Mwachitsanzo, iwo ndiwo azinena ngati ufa wafufuma mokwanira kulowa mu uvuni, ndipo aliyense watsopano azikhala pansi pawo masabata anayi oyamba. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambolo limazimitsa moto wa amene walilemekeza. Zinthu ziwiri musachite. Musawasandutse kazitape wanu, chifukwa ulemu umene ali nawo pakati pa anzawo udzatha ndipo simudzapindula nawonso. Komanso musawachotse pa lamulo. Ngati aliyense akudula pa sikelo, nawonso adule pa sikelo, ngakhale dzanja lawo lili lolondola kuposa sikeloyo. Auzeni chifukwa chake: anyamata amatengera iwo, ndipo anyamatawo alibe dzanja la zaka makumi awiri.

Za anzanu n'zachidule. Auzeni kamodzi, momasuka, kuti kunja ndinu yemwe uja koma pa ndandanda ndi pa sikelo mulibe mnzanu. Nsima pitirizani kudya nawo, kuisiya ndiye kudzikweza kumene akukuyembekezerani. Chimene muyenera kusiya ndi ngongole: musabwereke ndalama kwa munthu amene mumamulembera ovataimu, ndipo musamukongoze. Pempho loyamba la mnzanu loti mumuchotse pa shifiti ya Loweruka usiku lidzabwera mwezi usanathe, ndipo yankho lanu lidzamveka bekale yonse kusanache.

Pali chinthu china chimene amachita ku mafakitale a Toyota chimene chimaonetsa bwino mmene ziwirizi zimalukirana. Wantchito aliyense pa mzere wolumikizira galimoto ali ndi chingwe kapena batani loitanira kapitawo akaona cholakwika, ndipo vutolo likapanda kuthetsedwa msanga mzere umaima. Chingwecho ndi umanijala: wina anachikonza, anachimangirira, analemba malamulo ake. Koma chimagwira ntchito pokhapokha ngati amene wachikoka sanyozedwa. Pa bekale panu chingwe chimenechi ndi lamulo loti aliyense akakayikira ufa wokanda aime n'kukuitanani usanalowe mu uvuni. Kulilengeza n'kosavuta. Mayeso ake ndi usiku umene mnyamata adzabwere akunjenjemera kuti, "Bwana, ndikuona ngati mchere sindinathire." Mukadzamukalipira anzake akumva, lamulolo lafa usiku womwewo, ndipo cholakwa chotsatira mudzachimvera kwa ogula. Lawani ufawo, pulumutsani zimene zingapulumuke, muthokozeni kuti wanena msanga. Mawa lake funsani chimene chinalola kuti mchere uiwalike. Kawirikawiri mudzapeza kuti zothira sizimayezedweratu. Konzani kuti mchere, shuga ndi isiti za thumba lililonse ziziyezedwa shifiti isanayambe n'kuikidwa m'timabakuli pa thebulo, kuti kabakuli kotsala kazidzinenera kokha.

Izi sizikutanthauza kulekerera. Munthu akamalephera, fufuzani kuti ndi ziti mwa zitatu izi: sakudziwa, sangathe, kapena sakufuna. Wosadziwa mumamuphunzitsa, n'kumuonerera akuchita yekha. Amene sangathe, mwina chida ndi chowonongeka, mwina maola amupyola, mwina ntchitoyo si yake, ndipo chofunika kusintha ndi chida kapena malo ake. Wosafuna yekha ndiye wa chenjezo, loyamba la pakamwa, kenako lolembedwa. Oyang'anira atsopano ambiri amathira mankhwala achitatuwa pa matenda onse, n'kumadabwa kuti kalata zikuchuluka koma buledi akupsererabe.

Kusintha zinthu ndi kumene Kotter ankanena, ndipo kudzakupezani. Tinene kuti masitolo akufuna buledi afike 5 koloko m'malo mwa 6, ndiye shifiti ya usiku iyenera kuyamba msanga. Njira ya manijala wouma ndi kupachika chikalata pakhoma Lachisanu kuti kuyambira Lolemba zasintha. Anthu adzabwera, koma mudzaona kudwala kukuchuluka ndipo malofu akuchepa popanda amene mungamuloze chala. Chitani motere. Auzeni chifukwa chenicheni ndi manambala ake, kuti ogula awa amatenga malofu mwakuti ndipo akufuna kupita kwina. Nenani mosabisa chimene chatsimikizika kale, kuti ola lofikitsira buledi silikambidwanso, ndi chimene chikadali chotseguka, monga ola loyambira, kagawidwe ka ntchito ndi za mayendedwe. Kufunsa anthu maganizo pa chinthu chimene mwagamula kale n'koipa kuposa kusawafunsa. Afunseni chimene chidzavute, ndipo mudzamva zimene simukanaziganiza: wina amadikira mkazi wake abwere ku msika kuti asiye ana, wina akaweruka kudakali mdima minibasi za kwawo zimakhala zisanayambe ndipo kabaza wa usiku ndi wodula. Yesani masabata awiri, tchulani tsiku lodzaunikira, ndipo tsikulo likafika unikanidi, musinthe chimodzi mwa zimene anadandaula. Mukalonjeza kuunika n'kusaunika, ulendo wina sadzayankhanso.

Mbali ina ya utsogoleri imayang'ana kumwamba. Oda ikalephereka eni ake n'kufunsa kuti walakwitsa ndani, yankho ndi lakuti shifitiyo ndi yanu, ndipo mwakonza zakutizakuti kuti zisachitikenso. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Za amene analakwitsayo mukathana naye nokha. Zikayenda bwino, tchulani mayina a amene agwira ntchitoyo, iwo akumva. Antchito amadziwa msanga ngati kapitawo wawo amawagulitsa mu ofesi, ngakhale chitseko chikhale chotseka.

Kuti mudziwe mbali imene mwapendekera, yang'anani zizindikiro. Ngati anthu amakukondani koma ufa umatha mwadzidzidzi, ovataimu imakanganitsa mwezi uliwonse, ndipo chilichonse chimaima mukadwala, ndiye kuti umanijala ukuperewera. Ngati mabuku ali bwino koma pa kamsonkhano kaja palibe amene amayankhula, zovuta mumazimva zitachitika kale, ndipo anyamata aluso akuchoka mmodzimmodzi, chikuperewera ndi chinacho. Vuto loyambali limapezeka kwambiri kwa anthu okwezedwa kuchokera pakati pa anzawo ngati inu, ndipo lili ndi mphwake: kubwerera ku thebulo. Poti kudula ndi kuumba mumakudziwa, ntchito ikathina mudzafuna kuvala epuloni n'kugwira nokha usiku wonse. Kuthandiza ola limodzi pothina n'kwabwino. Koma mukakhala pa thebulo mpaka m'mawa palibe amene akuwerenga matumba otsala kapena kuimbira wobweretsa dizilo, ndipo mawa kudzathinanso.

Pomaliza pake bwererani kwa eni ake, chifukwa mawu akuti khalani mtsogoleri amatha kutanthauza kuti senzani mlandu koma mphamvu zikhale kwa ine. Pemphani mphindi makumi atatu, mutenge kabuku kaja, ndipo mufunse zinthu zinayi kuti zilembedwe. Ndi ndalama zingati zimene mungagwiritse ntchito osayamba mwaimba foni, lamba wa makina akaduka usiku? Pa chilango, inu mumalekezera pati: chenjezo la pakamwa, lolembedwa, kapena mumangopereka lipoti? Ngati pali wachibale wawo pakati pa antchito, ali pansi pa ndandanda yomweyo kapena ayi? Ndipo wantchito akakudumphani n'kupita kwa iwo kukapempha tchuthi, adzamubweza kwa inu kapena adzamuyankha okha? Funso lachinayili ndi limene limagwetsa oyang'anira ambiri, pakuti eni ake akangosintha chigamulo chanu kawiri anthu akuona, aliyense amadziwa khomo lenileni logogoda. Apempheni kuti akasemphana nanu maganizo azikuuzani muli awiri, ndipo ngati chigamulo chiyenera kusintha, mukachilengeze ndinu. Mugwirizanenso kuti muzikumana Lolemba lililonse ndi manambala atatu aja a sabata yonse, ndipo pakatha miyezi itatu mudzaonenso ngati malire a ndalama ndi a chilango aja angakulitsidwe.